Anyamata atatu atuluka zidzolo pa dramu ya thiram, magolovesi akungowonjeza moto

Wapadramu

Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Tili mkati mopaka mankhwala pa mbewu ya soya ndi mtedza, thiram (woteteza mbewu ku matenda) wa WS, ndiye kuti waufa wosakaniza ndi madzi, kuphatikiza imidacloprid (wopha tizilombo), dramu yopukusa ndi manja ija, makilo 50 ulendo umodzi. Chaka chatha tinali ndi wa FS wobwera wamadzimadzi kale, chaka chino otigulitsa atumiza waufa ati winayo watha, SDS, pepala lofotokoza kuopsa kwa mankhwala, sanatumize, ndawaimbira kanayi akungoti mawa mawa. Sabata yachiwiri ino anyamata atatu mwa asanu ndi awiri atuluka zinthu pakhungu, ndiye sizikufanana, n'chimene chandisowetsa mtengo wogwira.

Woyamba ndi wosakaniza slurry, phala la mankhwala ndi madzi. Manja afiira, auma, ang'ambika pakati pa zala, akuti akuwotcha osati kuyabwa. Akapuma Lamlungu zimachepa, Lolemba madzulo zayambiranso.

Wachiwiri sakhudza n'komwe dramu, ndi wosoka matumba. Iyeyo ndi kumaso, zikope zatupa, khosi, kuseri kwa makutu. Akungokanda.

Wachitatu ndiye wandipweteka mtima, wagwira nane zaka zinayi osadandaulapo. Anayamba kuyabwa pang'ono kuseri kwa manja, ndinathamanga kukagula magolovesi akuda a labala aatali aja kwa onse. Patapita masiku awiri, timatuza tamadzi dzanja lonse mpaka pamene golovesi ikuthera, mzere wooneka ngati wajambula ndi rula. Ndiye ndikuteteza munthu kapena ndikumupha?

Tatsala ndi matani 11 oda ikufunika isanathe sabata yamawa. Ndisinthe chiyani? Osandiuza za PPE (zovala zodzitetezera) chonde, PPE ndagula.

Madala Wamatumba

Vulani magolovesiwo. Mwayankha nokha funso lanu achimwene. Zaka zinayi manja bwinobwino, mwamuveka labala, masiku awiri matuza. Mukufunanso umboni wanji? Ine ndayamba kupaka mbewu ena mwa inu musanabadwe, manja anga awa, sopo ndi madzi basi. Labala amasunga thukuta, thukuta limaphika khungu.

Mayi wa ku Labu

Madala, theka la zimene mwanenazo n'zoona, theka linalo lingapweteke mwana wa eni.

A Wapadramu, wachitatuyo mumuchotse pa thiram lero lomwe, osati mawa. Chimene chikuoneka apa n'chakuti thiram wayamba kumuwenga. Ambiri sitidziwa kuti thiram yemweyu, kapena abale ake otchedwa ma thiuram, ndi amene opanga labala amathira kuti labala akhwime msanga. Ndiye munthu amene thupi lake ladana kale ndi thiram wa pambewu, mukamuveka golovesi ya labala mwamuveka mdani yemwe uja, koma tsopano womata pakhungu tsiku lonse, ndi thukuta losungunula. Mzere wa rula mukunenawo ndi chizindikiro chake. Madokotala a khungu akamayeza ziwengo za magolovesi, chimodzi mwa zimene amamata pamsana ndi thiuram mix.

Zoti wakhala zaka zinayi bwinobwino zisakunamizeni. Kuwengedwa kumayamba choncho. Thupi limalandira, limalandira, tsiku lina limangoti basi. Likatero silibwereranso m'mbuyo, kafumbi kochepa kokha ndi kokwanira.

Wapadramu

Mayi mukutanthauza kuti mnyamatayu ntchito ya dramu yamuthera? Ndi yekhayo amene amadziwa kuyeza madzi a slurry ndi maso osalakwitsa.

Mayi wa ku Labu

Ngati patch test, kuyeza komata pamsana kuja, ingatsimikize, eya, pa thiram yamuthera. Pa mankhwala ena mwina ayi. Koma zimenezo anene ndi a chipatala, ine ndine woyeza kameredwe ka mbewu chabe, ndinaziphunzira chifukwa zinandigwera ndekha. Ndinkawerenga mbewu yopakidwa pamathireyi ndi zala, 400 pa sampulo iliyonse, tsiku ndi tsiku. Lero ndikagwira ngakhale lamba wa labala womangira mapepala kwa nthawi yaitali chala chimatupa.

Namwino wa pa Famu

Ndalowa mochedwa. Anthu atatuwa musawapatse mankhwala amodzi ngati kuti akudwala chimodzi.

Woyambayo zikumveka ngati khungu langopsa ndi kunyowa, ufa, ndi kusambasamba. Zotere zimagwira aliyense amene wakhudza kwambiri, zimayamba tsiku lomwelo, zimakhala pamalo pokhapo pamene pakhudzidwa, ndipo munthu amati kukuwotcha. Akapuma zimapola, monga mwaonera. Funsani akusamba ndi chiyani. Ndaona ambiri akuchotsa utoto wofiira uja ndi sopo waufa wochapira, ena mchenga, ena mpaka palafini. Palafini amachotsa mafuta a pakhungu n'kutsegulira mankhwala njira. Utotowo usawavutitse, umachoka wokha. Sopo wamba, madzi ambiri ozizira kapena ofunda pang'ono, apukute bwino, apake petroleum jelly usiku. Koma musamusiye choncho poti n'zazing'ono, khungu long'ambika ndi limene limalowetsa thiram mkati, ndipo mawa lake ndi amene adzakhale ngati wachitatuyo.

Wachitatu ndikugwirizana ndi mayi a ku labu. Ziwengo za mtundu umenewu zimachedwa, zimatuluka pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, n'chifukwa chake anthu amaloza chinthu cholakwika. Munthu wagwira mbewu Lachisanu, matuza atuluka Lamlungu ali kunyumba, ndiye amati ndi sopo watsopano. Asaboole matuzawo. Apite kuchipatala atanyamula lebo ya mankhwala kapena chithunzi chake, ndi golovesi imodzi m'pepala la pulasitiki. Patch test amamata pamsana, amachotsa pakatha maola 48, n'kudzawerenganso tsiku lachitatu kapena lachinayi. Musayerekeze kuyeza nokha pomata ufa wa mankhwala pakhungu, ndinamvapo kapitawo wina akunena zimenezo ngati nzeru. Mungamuwotche, kapena kumuyambitsa ziwengo amene analibe.

Wachiwiri ndi fumbi lowuluka. Zikope, khosi, kuseri kwa makutu, pansi pa chibwano, malo amene fumbi limakhala. Zikanakhala za dzuwa malo obisika amenewo akanatsala. Kumaso asapake zonona zamphamvu monga betamethasone kapena clobetasol zimene anthu amangobwerekana, khungu la pachikope ndi lopyapyala kwambiri. Aonedwe kaye.

Madala Wamatumba

Anamwino mwalemba zambiri koma onani bwino. Amene ali ndi matuza ndi uja wavala golovesi. Ndanena kale.

Kalaliki wa Nkhokwe

Funso langa kwa a Wapadramu: wosoka matumbayo wakhala mbali iti ya dramu, ndipo mphepo ikuchokera kuti? Komanso mbewu mukuiyika m'matumba itauma bwanji? WS ikauma popanda sticker kapena polymer (zomatira mankhwala ku mbewu) imasanduka ufa womwe uja munayamba nawo. Mukamakhuthula m'thumba mpweya wa m'thumbamo umatuluka ndi fumbi kulunjika kumaso kwa amene wagwira kukamwa kwa thumba. Kenako amaliwinda, amalimenya pansi kuti likhazikike, fumbi linanso. Chaka chatha simunaone zimenezi chifukwa FS imabwera ndi zomatira zake kale.

Tengani mbewu yodzaza dzanja, mutavala golovesi, muyike m'botolo lagalasi louma, mukhutchumule mphindi imodzi. Mukaona galasi lachita mtundu, ndiye zimenezo n'zimene mnyamatayo akupuma ndi kusamba kumaso. Mafakitale akuluakulu ali ndi makina a Heubach oyezera fumbi lomwelo, ife botolo likutikwanira kuona kuti zinthu sizili bwino.

Wapadramu

Sticker sitikuthira, lebo sinanene. Wakhala kumunsi kwa mphepo, pakhomo, chifukwa ndi pamene pali kuwala kosokera. Ndapanga za botolozo, lafiira ngati ndathiramo dala. Eish.

Kalaliki wa Nkhokwe

Ndiye msamutseni, mumugulire nyale. Koma sticker musangothira iliyonse, funsani eni mankhwala kuti ndi iti imagwirizana nawo, ena amaundana m'dramu. Ndipo soya ndi mtedza musawonjeze madzi poganiza kuti muphe fumbi, khungu la mbewu likanyowa kwambiri limakwinyika n'kusupuka, mudzalira pa kameredwe. Mtedza ndiye wosachedwa kugawanika mukapukusa nthawi yaitali.

Pansi osasesa pouma. Wazani madzi kaye kapena kolopani. Tsache ndi limene limadyetsa anthu fumbi lambiri kuposa dramu.

Wapulantala

Nkhani ya fumbiyi yandikumbutsa zanga. Ine sindipaka, ndimadzala. Chaka china tinalandira chimanga chopakidwa kale, mwa mankhwala ake munali tefluthrin. Madzulo ndikutsuka mahopa a pulantala ndinatenga paipi ya kompresa n'kupemerera, ulesi wofuna kuweruka msanga. Pasanathe ola nkhope yonse inayamba kunyerenyetsa, ngati nyerere zikuyenda pansi pa khungu, kenako kuwotcha. Ndikadziyang'ana pagalasi palibe chilichonse, osafiira, osatupa. Ndinasamba madzi otentha, ndiye ngati ndathira petulo pamoto. Usiku wonse osagona, mkazi wanga akuti tiyeni kuchipatala, ine ndikuti akandiona chiyani poti palibe chooneka. Mawa lake madzulo zinatha zokha. Pambuyo pake ndi pamene ndinauzidwa kuti ma pyrethroid, gulu limene muli tefluthrin, amatero, amasokosa timitsempha ta pakhungu, thukuta ndi kutentha zimawonjeza. Kuyambira pamenepo kompresa pa hopa ayi. Burashi, magalasi, chophimba kukamwa, nditaima kumtunda kwa mphepo.

Ndiye ngati wina wanu anena zonyerenyetsa popanda zidzolo, yang'anani ngati mulibe pyrethroid mu msakanizo.

Wapadramu

Mulibe, ndi ziwiri zomwe ndatchulazo. Pokhapokha ngati muli china chimene lebo sinalembe.

Mayi wa ku Labu

Chimenecho ndicho chifukwa chake SDS musaigonjere. Lebo imatchula mankhwala aakulu okha. Mu SDS pitani pa gawo 2 muone ngati pali H317, ndiyo ya kuwenga khungu, H315 ndi ya kupsereza khungu, H319 ndi ya maso. Gawo 3 limatchula zosakanizamo zoopsa, gawo 8 limanena mtundu wa golovesi. Imidacloprid wanuyo ngati ndi wamadzi, kawirikawiri mankhwala amadzimadzi amathiramo chotetezera kuti asavunde, monga benzisothiazolinone, ndipo nachonso chimawenga anthu ena. Ndiye si nthawi zonse pamene wolakwa ndi dzina lalikulu lili kutsogolo kwa botolo. Koma pa nkhani yanuyi ine ndikuloza thiram. Iye ndi captan, mankhwala ena opakira mbewu, ndi odziwika kale pa zimenezi.

Lembani dzina la mankhwala ndi mawu akuti SDS pa intaneti, makampani ambiri amaziika poyera. Ingoonetsetsani kuti ndi ya mtundu womwewo, ya WS osati ya FS.

Madala Wamatumba

Mapepala, mapepala. Kale kunalibe SDS koma mbewu inkapakidwa. Ine ndikuti golovesi ya labala m'nyengo yotentha ndi ng'anjo. Ufa ukalowa mkati umakhala momwemo tsiku lonse. Wopanda golovesi amaona kuti manja ada, amakasamba. Wovala golovesi amadziona ngati ndi wotetezeka, amakanda nayo nkhope, amayankha nayo foni, amatsegula nayo botolo la madzi. Ndani ali pabwino pamenepa?

Namwino wa pa Famu

Madala, apa mwanena zoona zimene ambiri safuna kumva. Golovesi yodetsedwa mkati ndi yoipa kuposa dzanja lamaliseche, sindikutsutsa. Koma mankhwala ake ndi kuvala bwino, osati kutaya. Wosakaniza akugwira ufa wosasungunula, umene uli ndi mphamvu kuposa wa pambewu kutalitali. Ameneyo kumuuza kuti agwire ndi manja ndi mlandu.

A Wapadramu, golovesi zikhale za nitrile (labala wochita kupanga) zochindikala, zofika m'kono, zopanda nsalu yomatidwa mkati, zolembedwa EN 374. Zachikopa ndi zansalu ayi, zimamwa mankhwala ngati siponji ndipo sizichapika. Azitsuka kunja asanavule, azivula mosakhudza kunjako, aziyanika zitatembenuzidwa. Mkono wa ovololo ukhale kunja kwa golovesi kuti ufa usagwere mkati. Za thukuta, kagolovesi kopyapyala ka thonje mkati, kosintha kakanyowa, aliyense akhale ndi tiwiri kapena titatu. Aliyense zake, alembe dzina, osabwerekana.

Chenjezo limodzi: nitrile wamba nayenso nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala okhwimitsira labala, ena a iwo ndi ma carbamate a labala amene ndi pachibale ndi thiuram. Kwa anayi amene sanayambe ndi woyamba uja zili bwino. Kwa wachitatu pafunika zolembedwa accelerator-free, ndiye kuti zopanda mankhwala okhwimitsira aja, ndipo ngakhale atapeza zimenezo asabwerere pa dramu asanaonedwe. Nsapato za jombo nazo ndi labala, muyang'ane mapazi ake.

Wapadramu

Jombo amavala ndi masokosi. Ndimufunsa. Accelerator-free sindinazionepo, ndifufuza.

Mlangizi Wopuma

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pali chimodzi chimene palibe watchula ndipo pa thiram n'chachikulu: mowa. Thiram ndi m'bale wa disulfiram, mankhwala amene madokotala amapatsa zidakwa kuti zikamwa zidwale. Munthu amene wapuma fumbi lake kapena lamulowa pakhungu tsiku lonse, akapita kukamwa madzulo, nkhope imafiira, mutu kuwawa, mtima kuthamanga, nseru, ena kusanza. Ndinali ndi kapitawo wina pa ntchito yopaka, munthu wamphamvu zake, tsiku lolandira malipiro anamwa mabotolo awiri okha n'kugwa pansi, thukuta kamukamu, nkhope ngati yapsa. Anzake anayamba kulozana zala kuti wina wamuthirira. Panatsala pang'ono kuti anthu amenyane. Anali dokotala amene anafunsa kuti kodi bamboyu amagwira ntchito yanji. Ndiye muwauze anyamatawo, nyengo yopaka ino botolo alisiye, ngakhale Loweruka.

Ndipo poti Madala akuti kale kunalibe mapepala, kale lomwelo ndi limene linatiphunzitsa ndi maliro. Ku Iraq kumapeto kwa 1971 kunafika tirigu wa mbewu wopakidwa methylmercury, atafika mochedwa nyengo yodzala itapita. Anali ndi utoto wofiirira, machenjezo pamatumba anali m'zilankhulo zimene alimi sankawerenga. Anthu anatsuka utoto uja, ataona kuti wachoka anaganiza kuti poizoni wachokanso, n'kupera ufa. Ogonekedwa m'zipatala anapitirira 6,500 ndipo 459 anafera m'zipatala momwemo, osawerengera a kumidzi. Ku Turkey pakati pa 1955 ndi 1959 anthu masauzande anadya tirigu wopakidwa hexachlorobenzene, khungu linkatuluka matuza ndi zilonda likaona dzuwa, kuda, kumera ubweya kumaso, ndipo makanda oyamwa ambiri anamwalira. Mankhwala amenewo analetsedwa, a lero ndi ofatsirapo, koma phunziro la utoto lija likadalipo. Utoto ndi belu chabe. Kuchoka kwa utoto m'manja sikutanthauza kuti mankhwala achoka, ndipo kutsala kwa utoto sikutanthauza kuti akadalipo.

Wongoyamba Kumene

Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba chaka chino. Kumene ndikugwira amatipatsa mkaka tikaweruka ati umatsuka mankhwala m'thupi. Ndi zoona?

Namwino wa pa Famu

Ayi mwanawe. Imwa ngati chakudya, koma sutsuka chilichonse. Ndalama ya mkakayo akanagula sopo, ndowa ndi zophimba kukamwa za FFP2 bwenzi zili bwino. Ndipo poti wafunsa, mvera izi: usambe m'manja usanapite kukataya madzi, osati pambuyo pokha. Khungu la kumaliseche limalowetsa mankhwala kuposa la pamkono kangapo konse, la pachipumi ndi m'khutu nalonso limalowetsa kwambiri. Amuna ambiri amene amabwera kwa ine ndi zotupa kumeneko m'nyengo yopaka amayamba aganiza za matenda ena, amachita manyazi, amabwera patapita sabata.

Wapulantala

Hahaha anamwino mwaulula chinsinsi cha ambiri.

Kalaliki wa Nkhokwe

Osaseka, ine zinafika mpaka kunyumba kwa wantchito. Mkazi wa mnyamata wina anabwera ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, masaya ndi pamimba zidzolo zokhazokha. Tinafufuza, bambo akaweruka amafikira kunyamula mwana ndi ovololo yomweyo, ndipo mayi amachapa ovololo pamodzi ndi matewera m'beseni limodzi. Kuyambira pamenepo ovololo situluka pageti. Imachapidwa pantchito, payokha, wochapayo atavala magolovesi. Matumba otha nawonso timawaboola ndi mpeni tisanawasunge kokatayira, apo ayi mumawapeza asanduka mphasa kapena mosungira chakudya.

Madala Wamatumba

Za ovololo ndi mowa ndikuvomera. Za magolovesi ayi. Mayi a ku labu anena okha kuti mu labala muli thiram. Anamwino anena okha kuti mu nitrile muli abale ake. Ndiye mukuchotsa njoka m'thumba lamanzere kuyika lakumanja. Ine zaka zonsezi sindinatulukepo kanthu.

Mayi wa ku Labu

Madala, inu simunatuluke kanthu, tithokoze. Koma anzanu amene munayamba nawo ali kuti? Amene zinkawawenga anasiya ntchito mwakachetechete, otsala ndi inu a khungu lolimba, ndiye mukamayang'ana m'shedi mumaona ngati palibe amene amadwala. Ndiponso mu golovesi muli kachigawo kochepa zedi poyerekeza ndi ufa umene wosakaniza akutapa. Kwa amene sanawengedwe golovesi ndi chishango. Kwa amene wawengedwa kale ndi pamene kochepako kamakhala nkhani.

Madala Wamatumba

Anzanga ena anamwalira ndi ukalamba, ena ali kwawo. Palibe anafa ndi zidzolo.

Wapadramu

Chonde tisakangane, ine ndili ndi matani 11. Nazi zimene ndachita mmawa uno: wosoka ndamusamutsira panja pansi pa mtengo kumtunda kwa mphepo, wachitatu ndamuyika pa sikelo ya mbewu yosapaka, ndamupatsa ya thiransipoti apite kuchipatala mawa ndi chithunzi cha lebo. Akukana, akuti ndikufuna kumuchotsa ntchito mwanzeru. Jombo ndayang'ana, pamwamba pa phazi lamanzere pamene sokosi inabooka pali kofiira. Woyamba uja wavomera kuti amasamba ndi sopo waufa ndi chikopa cha thumba. Nitrile ndapeza mapeyala anayi okha.

Funso: ndingasiye thiram n'kumaliza ndi china? Ndili ndi fludioxonil ndi metalaxyl-M wa FS wotsala wa chimanga.

Kalaliki wa Nkhokwe

Lebo yake ikutchula soya ndi mtedza? Ngati sikutchula musayerekeze, mlingo wa chimanga si wa soya, ndipo matumba anu munasindikiza kale kuti muli thiram. Mlimi kapena woyendera akapeza zosiyana ndi lebo, mlandu ndi wanu. Komanso oda inanena mankhwala ati? Muyambe mwalankhula ndi mwini oda, alembe, osati pafoni.

Mayi wa ku Labu

Ndipo dramu, mafosholo, malona, sikelo, zonse zili ndi thiram kale. Kwa wachitatuyo kusintha mankhwala lero sikumutsegulira khomo la shedi. Metalaxyl-M nayenso samalani naye m'maso, magalasi ndi ofunika posakaniza. Akadontha m'diso ndi madzi oyenda mphindi 15, osati kungopukuta ndi malaya.

Mlangizi Wopuma

Mayiko a European Union anakana kuwonjezera chilolezo cha thiram mu 2018, mwa zifukwa zake panali ngozi kwa mbalame ndi nyama zotola mbewu m'munda. Kumene akadali wololedwa tizigwira naye modziwa kuti tsiku lina adzachoka. Koma kusintha pakati pa oda, mothamanga, anthu atatopa, ndi pamene ngozi zina zimabadwira. Ine ndikanachepetsa maulendo a dramu patsiku, anayi a nitrile okhawo ndiwo azigwira zopakidwa, mosinthana, n'kupempha masiku owonjezera. Safunsa anadya phula, pemphani.

Ndipo mwana wanga, lembani m'buku: tsiku, dzina, ntchito imene amagwira, nambala ya batch ya mankhwala, ndi zithunzi za manjawo. Mnyamata akuopa kuchotsedwayo mumuonetse kuti mwalemba kuti wavulalira pantchito. Mtima wake ukhala pansi, ndipo inunso zidzakutetezani.

Wongoyamba Kumene

Nanga barrier cream, zonona zotchinga khungu zija? Kwathu kuntchito ena amapaka m'malo mwa magolovesi.

Namwino wa pa Famu

Siilowa m'malo mwa golovesi. Imathandiza kuti utoto usakakamire posamba, basi. Ukapaka pakhungu lomwe lili kale ndi ufa ndiye wautsekera momwemo. Ndipo wina akayamba kutuluka dovu, thukuta losaneneka, kutsegula m'mimba, timaso kuchepa, minofu kunjenjemera, zimenezo si za khungu ayi. Mbewu zina zimapakidwa ma carbamate ophera tizilombo monga carbosulfan. Ameneyo mvuleni zovala, msambitseni, thamangani naye ndi lebo m'manja.

Madala Wamatumba

Zonona, magolovesi, magalasi, zophimba. Munthu azigwira ntchito atavala ngati akupita kumwezi, kunja kukutentha chonchi. Pofika 10 koloko onse avula, ndikudziwa ine. Ndowa ya madzi ndi sopo pambali pa dramu, kusamba ulendo uliwonse. Ndatha ine.

Wapulantala

Madala mwatha kachinayi tsopano.

Wasoya

Pepani ndalowa pakati. A Wapadramu mwati soya ndi thiram, nanga inoculant, mabakiteriya a Rhizobium othandiza soya kutulutsa tinthu ta kumizu, alimi anu akuthira liti? Ine chaka chatha tinthu ta kumizu tinatuluka tochepa kwambiri pa mbewu yopakidwa, ndikukayikira fungicide, mankhwala oteteza ku matenda opakidwawo. Ena akuti thiram ndi wofatsa pa Rhizobium kuposa captan, ena akuti onse ndi amodzi.

Mayi wa ku Labu

Zimatengera nthawi imene zakhalira limodzi. Inoculant azithira tsiku lodzala, pamthunzi, n'kudzala maola omwewo, osati kuthira lero kudzala mkuja. Koma apanso ndi pamene alimi amasakaniza ndi manja m'beseni, mbewu yonyowa, mankhwala onse a pambewu n'kusungunukira m'zala. Muziwauza agwiritse thumba lapulasitiki lolimba, amange kukamwa n'kugubuduza.

Wasoya

Thumba limaswa mbewu mayi, soya sachedwa kusweka. Ine ndimakonda lona, anthu awiri agwire m'makona.

Kalaliki wa Nkhokwe

Lona ndi bwino koma louma msanga, inoculant wa peat, waufa uja, samata. Mumathira madzi a shuga?

Namwino wa pa Famu

A Wapadramu, mnyamata uja anapita kuchipatala? Phazi lija likundidetsa nkhawa.

Wasoya

Madzi a shuga ndinasiya, nyerere zinandithera mzere wonse. Pali amene anayesapo inoculant wamadzi pa mbewu yopakidwa kale polymer? Akumata kapena akungotsetsereka?